Dizaini ingalowere m'makutu? Zokambirana za pa gulu la amisiri a m'chigwa cha Shire

Fatsani (Nchalo): Akuluakulu mwaswera bwanji nonse. Ndabwera ndi funso. Yakwana miyezi 7 tsopano ndikupanga maposita pa foni, a ukwati, a maliro, a bonanza ya mpira, nthawi zina a tchalitchi. Ndimagwiritsa ntchito ma app a PixelLab ndi Canva. Anthu akulipira ndithu, koma ine mwini wake ndikaiyang'ana ntchitoyo mtima sukhala pansi, pali chikusoweka koma sindikuchidziwa dzina. Mavidiyo a pa YouTube akundithera bandulo. Wina wandiuza kuti kuli ma podcast a za dizaini, ongomvera basi. Alipo amene amamvera? Ndiyambire pati?

Zuze (Bangula): Mwanawe, dizaini ndi ntchito ya diso ndi dzanja. Uiphunzira bwanji ndi khutu? Ine ndayamba kulemba zikwangwani mu 1994, kuchokera pa Bangula pano mpaka ku Marka, palibe tsiku limene wailesi inandiphunzitsapo kagwiridwe ka bulashi.

Mainala (admin): Madala mwayamba kale kumuopseza mwana 😂 Musiyeni ayankhidwe kaye.

Mai a Tadala (Ngabu): Pepani, podcast ndiye chiyani? Tisamangoti eee ngati tikumva.

Lufeyo (Joni): Mayi, ndi pulogalamu ngati ya pa wailesi, kungoti imakhala pa intaneti. Mumaitsitsa pa foni n'kumamvera nthawi imene mwafuna, mukhoza kuimitsa, kubwereza, ngakhale kuchedwetsa kayankhulidwe. Zambiri ndi zaulere.

Mai a Tadala (Ngabu): Ohoo. Ndiye kuti ndikhoza kumapalasa mashini ikulira pambali. Pitirizani.

Esnala (Blantyre, kwathu Muona): Achimwene a Fatsani, yambani ndi 99% Invisible. Osayamba ndi ina. Woiyendetsa ndi Roman Mars, anaiyamba mu 2010 pa wailesi ina ya ku San Francisco, ndipo zigawo zoyambirirazo zinali zazifupi kwambiri, mphindi zosapitirira 5. Masiku ano zimatalika, theka la ola kapena kuposa. Siikuuzani kuti dinani apa, sankhani fonti iyi, ayi. Imatenga chinthu chimodzi chimene mumachiona tsiku ndi tsiku osachilabadira, n'kukufotokozerani kuti anachiganiza ndani, chifukwa chiyani, ndipo anakangana ndi ndani kuti chikhale momwemo. Dzinalo likutanthauza zomwezo, kuti ntchito yaikulu ya dizaini siioneka.

Chigawo chimene chinandigwira mtima ine ndi cha timakwerero totsetsereka ta m'mbali mwa msewu, pamene woyenda pa njinga ya olumala amatsikira kuchoka pa njira ya oyenda pansi. Ku Berkeley kunali wophunzira dzina lake Ed Roberts, amene anadwala poliyo ali mnyamata. Iye ndi anzake anavutitsa akuluakulu a mzinda mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 anayamba kudula m'mphepete mwa misewu. Zitatheka, anapezeka kuti opindula si olumala okha: mayi wokankha mwana, wokoka katundu, nkhalamba, onse. Nditamva zimenezo ndinapita kwathu pa holide, ndinaima pa chipatala china n'kuona kuti malo okwererapo njinga ya olumala alipo, koma ndi otsetsereka moti munthu wokankhidwa akhoza kugubudukira ku ngalande. Zaka zonsezi ndimadutsapo osaona. A Zuze akunena zoona kuti bulashi siigwiridwa ndi khutu, koma khutu linanditsegula diso.

Zuze (Bangula): Mwana wa sukulu ameneyu amayankhula bwino. Koma sunandiyankhe. Posita ya Fatsani ikongola chifukwa wamva nkhani ya misewu ya ku America?

Esnala (Blantyre, kwathu Muona): Siikongola mawa, madala. Koma ayamba kudzifunsa kuti amene awerenge positayi ali pati, ali pa kabaza kapena waima, dzuwa likumuomba kumaso kapena ayi, amatha kuwerenga Chingerezi kapena ayi. Inu mumadzifunsa kale zimenezo osazitchula. Iyeyu alibe womuuza.

Fatsani (Nchalo): Ndalemba. 99% Invisible. Imadya ma MB angati?

Lufeyo (Joni): Aise, mawu okha sadya zambiri. Ola lathunthu limakhala pakati pa 30 ndi 60 MB kutengera mmene anaijambulira. Vidiyo ya ola limodzi ndi mazana angapo. Ika AntennaPod, app yomverera ma podcast, ngati uli pa Android, ndi yaulere, ilibe zotsatsa zake, ndipo umatsitsa n'kusunga. Spotify nayo ilipo. Google Podcasts usaifunefune, anaitseka mu 2024. Gula bandulo ya usiku, tsitsa zigawo 10 kamodzi, basi sabata yatha.

Tomasi (Dyeratu): Bandulo ya usiku ndi ya anthu ogona m'nyumba. Ife mwezi uno tikugona panja ndi kutenthaku, foni ukaiwalitsa udzudzu wonse wa mu Shire umabwera kudzaona nawo.

Mai a Tadala (Ngabu): 😂😂 A Tomasi inu. Koma zoona, dzulo ngakhale nkhuku zinali kukamwa yasa.

Aphunzitsi (Nsanje boma): Ndalowa mochedwa, ndinali ku msonkhano wa mpingo. Ndikuvomereza zimene wanena Esnala, ndipo ndiwonjezere za mbendera. Roman Mars yemweyo ali ndi nkhani ya mbendera, anakaiyankhulanso mu 2015 pa TED, msonkhano umene akatswiri amakambapo nzeru zawo. Amatchula mfundo 5 za mbendera yabwino. Ikhale yosavuta moti mwana atha kuijambula osaonera. Zizindikiro zake zikhale ndi tanthauzo. Mitundu isapitirire iwiri kapena itatu. Pasalembedwe mawu kapena chidindo. Ndipo isafanane ndi ya ena pokhapokha ngati pali ubale umene mukufuna kuonetsa. Ine nditamva ndinaseka ndekha, chifukwa zaka 30 ndakhala ndikujambulitsa ana mbendera yathu ya 1964: wakuda, wofiira, wobiriwira, ndi dzuwa lotuluka. Mwana wa Sitandade 2 amaijambula bwinobwino. Kungoti cheza cha dzuwalo chili ndi mizere 31, ndipo palibe mwana anaikwanitsapo. Ena ankaika 9, ena mpaka 50.

Fatsani, tenga mfundo zimenezi uziike pa baji ya timu ya mpira kapena chizindikiro cha sitolo. Zimagwira chimodzimodzi.

Lufeyo (Joni): Nanga ija ya 2010 ya dzuwa loyera lathunthu, aphunzitsi mukuipatsa malikisi angati?

Aphunzitsi (Nsanje boma): Inakhala zaka ziwiri zokha, mu 2012 tinabwerera ku yakale. Malikisi ndikupatsa ukadzabwera ku holide.

Mainala (admin): Zandale ayi pa gulu pano chonde. Lufeyo ndakuona.

Lufeyo (Joni): Ndafunsa za dizaini ine, achemwali 🙈

Fatsani (Nchalo): Mfundo ya mitundu itatuyo yandibaya. Posita ya ukwati imene ndapanga Lachiwiri ili ndi mitundu 8. Mkwatibwi anati ndiikemo yonse ya madiresi a operekeza.

Zuze (Bangula): Kasitomala akatero umamuuza kuti penti yatha.

Fatsani (Nchalo): Pa foni penti siitha madala, ndiye vuto lake.

Zuze (Bangula): Ehe. Wanena wekha. Ife penti inkatiphunzitsa ulemu chifukwa ndi yodula. Ukakhala ndi tini imodzi yofiira ndi imodzi yakuda umaganiza kaye usanaviike bulashi.

Esnala (Blantyre, kwathu Muona): Apa madala mwalasa. Ndiye mumvereko iyi, mwina ikusangalatsani. Design Matters ya Debbie Millman. Inayamba mu 2005, ndi imodzi mwa ma podcast akale kwambiri amene akadalipo. Mayiyu amacheza ndi amisiri akuluakulu, ola lathunthu, ndipo amakonzekera moti mlendo amadabwa kuti zimenezi mwazidziwa bwanji. Anachezapo ndi Milton Glaser, Paula Scher, Massimo Vignelli ndi ena ambirimbiri. Glaser ndi amene anapanga chizindikiro chija cha I, mtima wofiira, NY, chimene mumachiona pa matisheti a pa kaunjika pa Nchalo. Anachijambula ali m'takisi, ndi chekeni chofiira, pa envelopu, ndipo sanalipiritse kanthu. Chinatuluka mu 1977. Paula Scher naye anajambula chizindikiro cha banki ya Citi pa kapepala kopukutira m'manja, pa msonkhano woyamba weniweni. Anthu atadandaula kuti ndalama zonsezo pa chinthu cha kamphindi, iye anati kamphindiko kali ndi zaka 34 kumbuyo kwake.

Zuze (Bangula): Mayi ameneyo ndi wanzeru. Mawu amenewo ndiwalemba pa khomo la shopu yanga. Munthu amabwera, ndimulembera BUTCHERY mphindi 40, ndiye akuti bwanji mukudulitsa pomwe simunatuluke thukuta. Thukuta ndinatuluka mu 1994.

Esnala (Blantyre, kwathu Muona): Koma ndichenjeze. Design Matters ndi nkhani za moyo wa anthu, ubwana wawo, kulephera kwawo, mantha awo. Masiku ano alendo ambiri ndi olemba mabuku, oimba, ochita zisudzo. Ngati mukufuna za dizaini yeniyeni fufuzani mayina amene ndatchulawo, musangoyamba ndi chigawo chatsopano. Zigawo zakale kwambiri mawu ake samveka bwino, ankajambulira pa lamya.

Fatsani (Nchalo): Nanga ya za ma logo okha ilipo? Ndi zimene anthu a mashopu ayamba kundifunsa.

Lufeyo (Joni): Logo Geek, ya Ian Paget wa ku England. Iyo ndi ya ma logo basi: mafunso ofunsa kasitomala usanayambe, kaperekedwe ka ntchito, mafayilo oyenera kumupatsa. Chingerezi chake ndi chodekha. Ina ndi The Futur ya Chris Do, iyo ndi ya ndalama, katchajidwe ndi kayankhulidwe ndi kasitomala. Imeneyo inandithandiza ine kuno.

Fatsani (Nchalo): Chris Do ndikumudziwa achimwene, anandiluzitsa kasitomala 😭

Mainala (admin): Fotokoza!

Fatsani (Nchalo): Ndinaonera kavidiyo kake kamodzi. Amati usatchaje potengera maola amene wagwira, tchaja potengera phindu limene kasitomala apeze ndi ntchito yako. Ndiye uzimufunsa kaye kuti bizinesi yake imapanga zingati. Mawa lake kunabwera bambo wina wogulitsa nyama ya mbuzi, akufuna kachizindikiro koika pa WhatsApp ndi pa chikwangwani. Ine ndi nzeru zatsopano ndinati, bambo, kodi pa mwezi mumapeza zingati? Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, akuti wakutuma ndani, ndiwe wa msonkho? Ananyamuka osatsanzika. Pano akandiona pa msika amatembenukira kumbali.

Tomasi (Dyeratu): 😂😂😂 Kufunsa munthu wa kuchigwa kuti ali ndi zingati! Bwanji osangomufunsa kuti ng'ombe zake zilipo zingati, akumenye bwino.

Mai a Tadala (Ngabu): Mwana wanga walakwa kafunsidwe chabe. Nzeruyo ndi yoona, ife matelala timaichita kalekale. Diresi ya mkwatibwi ndi ya wopita ku msika, ulusi ndi womwewo, koma mtengo sungafanane. Kungoti sufunsa. Umayang'ana nsalu imene wabweretsa, umamvera mmene akuyankhulira za mwambowo, umafunsa kuti alendo akuchokera kuti. Akati ena akuchokera ku Lilongwe, wadziwa kale.

Lufeyo (Joni): Mayi mwamaliza. Chris Do amayankhula ndi anthu amene makasitomala awo ndi makampani a ku Los Angeles, mitengo yake ndi madola masauzande. Tengako mfundo yakuti usamapepese potchula mtengo, utchule n'kukhala chete, komanso ulandire theka usanayambe. Zinazo zisiye komweko.

Zuze (Bangula): Theka usanayambe. Pamenepo ine ndi mzunguyo tagwirizana.

Lufeyo (Joni): Anabadwira ku Vietnam madala.

Zuze (Bangula): Kaya. Wanena zoona basi.

Mai a Tadala (Ngabu): Nanga ife osoka mwatisiya? Kapena dizaini ndi ya pa kompyuta yokha?

Esnala (Blantyre, kwathu Muona): Ayi mayi, yanu ilipo ndipo mwina ndi yokoma kuposa zonse. Articles of Interest, ya Avery Trufelman. Inayamba mu 2018 ngati mphukira ya 99% Invisible, kenako inaima payokha. Ndi ya zovala zokhazokha. Muyambe ndi chigawo cha matumba. Imafotokoza chifukwa chake zovala za amayi zilibe matumba, kapena zili ndi timatumba tonamizira. Kale ku Ulaya amayi ankamanga matumba akuluakulu m'chiuno, mkati mwa siketi, n'kumapisa dzanja pa kampata. Madiresi atayamba kusokedwa othina, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, matumba aja analibenso pobisala, ndiye panabwera tizikwama ta m'manja. Amuna awo anapitiriza kusokeredwa matumba mu zovala momwemo. Chilinso chigawo cha jinzi.

Mai a Tadala (Ngabu): Taonani! Ine chaka chatha ndinayamba kuika matumba awiri akuya pa madiresi a chitenje, amayi a geni pa Ngabu amawalimbirana. Amati foni ndi ndalama zisamakhale pa mfundo ya chitenje kapena mu bra, thukuta limaononga. Ndimayesa ndi nzeru zanga ndekha, kani ndi nkhondo yakalekale.

Aphunzitsi (Nsanje boma): Za jinzi ndikudziwapo kanthu. Tizitsulo tija ta m'makona a matumba anatiyamba ndi telala, Jacob Davis, pofuna kuti matumba a anthu ogwira ntchito yolemetsa asamang'ambike. Analibe ndalama zolembetsera nzeru yakeyo, ndiye anagwirizana ndi wogulitsa nsalu Levi Strauss, n'kulembetsa mu 1873. Dzina lotchuka ndi la wogulitsa nsalu, telala anaiwalika.

Mai a Tadala (Ngabu): Ndi mmene zimakhalira aphunzitsi. Pa ukwati amayamika mkwatibwi.

Aphunzitsi (Nsanje boma): Ndipo tisamayese kuti nsalu tinaidziwira kwa azungu. Livingstone atadutsa m'chigwa muno mu 1859 anapeza Amang'anja akulima thonje, kupota ulusi ndi kuomba nsalu m'midzi. Ankasulanso zitsulo. Lero thonje la pa Ngabu timangoligulitsa laliwisi, n'kukagula kaunjika.

Nyamazawo (Makhanga): Moni nonse, netiweki kuno imabwera ngati mlendo. Ndawerenga zonse. Vuto langa ndi Chingerezi. Ndinayesapo kumvera imodzi, anthu ake amayankhula ngati akuthamangitsidwa, n'kumaseka zinthu zimene ine sindikuziona kuseketsa. Ndinagona.

Esnala (Blantyre, kwathu Muona): Achemwali si inu nokha. Chitani izi. Chepetsani liwiro lifike pa 0.8, batani lake lilipo pa AntennaPod ndi pa Spotify pomwe. Chachiwiri, 99% Invisible imaika mawu olembedwa a zigawo zambiri pa tsamba lake, pamodzi ndi zithunzi za zinthu zimene akukambazo, ndiye mukhoza kuwerenga kaye kenako n'kumvera. Chachitatu, pewani ma podcast a anyamata atatu ongocheza ndi kuseka, amenewo ngakhale ine amanditopetsa. Sankhani ofotokoza nkhani, munthu mmodzi akuyankhula modekha. Roman Mars amayankhula pang'onopang'ono, mwina n'chifukwa chake ena amagona naye.

Nyamazawo (Makhanga): Takhuta. Ndiyesa ya matumbayo.

Tomasi (Dyeratu): Ine ndakhala ndikuseka, koma ndinene zanga. Mwana wa mlongo wanga anandiikira 99% ija chaka chatha, ndimamvera ndikamapalasa kupita kokonza mijigo. Sindimva zonse, mwina theka. Koma inandichititsa kuyang'ana mjigo umene ndakhala ndikuumasula zaka 15.

Mjigo wa Afridev uja, umene uli pafupifupi mudzi uliwonse kuno, unayambira m'Malawi momwe muno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, dzina lake loyamba linali Maldev, kenako anakaupititsa patsogolo ku Kenya. Amene anaupanga anali ndi funso limodzi: ukaonongeka, anthu a m'mudzi angaukonze okha osadikira galimoto yochokera ku boma? Taonani mmene anayankhira. Sipanala imodzi imamasula mutu wonse. Marodi amakolana ndi ngowe, safuna chida. Mukhoza kutulutsa marodi onse, pulanja (kokweza madzi) ndi futuvavu (kapansi koletsa madzi kubwerera) osazula mapaipi, pomwe mijigo ina yakale inkafuna anthu ambiri ndi zida zolemera kuti muzule zonse. Pulanja ndi futuvavu thupi lake ndi limodzi, ndiye sipeya imodzi imagwira pawiri. Zimene zimatha msanga ndi timarabala ndi mabushi apulasitiki, zotchipa, zokwana m'thumba la malaya. Amayi atatu a komiti akaphunzitsidwa amasintha okha dzuwa lisanafike pamutu.

Palibe amene amaima pa mjigo n'kunena kuti koma ndiye wakongola. Koma ine ndikuti pa zinthu zonse zopangidwa ndi munthu zimene zili m'chigwa muno, palibe choganiziridwa bwino kuposa chimenechi. Chimene chimativuta kuno ndi madzi amchere, kumadera ena marodi wamba amachita dzimbiri msanga, pamafunika osachita dzimbiri aja, ndipo ndi odula.

Esnala (Blantyre, kwathu Muona): Ankolo a Tomasi, zimenezi ine sindinazimve ngakhale m'kalasi. Ndasunga uthengawu.

Zuze (Bangula): Tsono apa wakuphunzitsa ndani, wa ku America kapena mjigo?

Tomasi (Dyeratu): Mjigo, madala. Wa ku America anangondikodola kuti taona.

Fatsani (Nchalo): Koma onse amene mwatchulawa ndi akunja kwa Africa. Akuno kulibe?

Esnala (Blantyre, kwathu Muona): Mayina awiri oti muwasake, mulembe dzina pa malo ofufuzira mu app yanu kapena pa YouTube, mupeza pamene anayankhula. Woyamba Saki Mafundikwa wa ku Zimbabwe, anatsegula sukulu ya dizaini ku Harare mu 1999, ndipo nkhani yake ya pa TED ya 2013 ndi ya zilembo zimene Aafirika anapanga okha. Kwa munthu wa maposita ngati inu ndi wofunika. Wachiwiri Francis Kéré wa ku Burkina Faso, woyamba wa mu Africa kulandira mphoto ya Pritzker, mu 2022, imene ndi yaikulu pa ntchito yojambula nyumba. Sukulu imene anamanga kwawo ku Gando mu 2001 ndi ya njerwa zadothi, ndipo denga la malata analikweza pamwamba, lotalikirana ndi siling'i, kuti mphepo izidutsa pakati n'kuchotsa kutentha. Kwawoko kumatentha ngati kuno. Ine ndikaona makalasi athu a malata otsika, ana 100 mkati mwezi wa October, ndimaganiza za iyeyu. Design Indaba ya ku Cape Town nayo ili ndi nkhani zambiri za amisiri a mu Africa, koma zambiri ndi mavidiyo, samalani bandulo.

Aphunzitsi (Nsanje boma): Pa zilembo musaiwale wathu, a Nolence Mwangwego, amene anayamba kupanga zilembo zawozawo zolembera zilankhulo za m'Malawi mu 1979. Za makalasi usandikumbutse mwana wanga. Ikakwana 11 koloko tinkatuluka kukaphunzirira pansi pa mtengo wa nimu, kalasi yomangidwa ndi ndalama zambiri ili pululu.

Nyamazawo (Makhanga): Kuno funso lathu ndi lina. Madzi a 2015, a Ana mu 2022, a Freddy mu 2023. Nyumba zimene zinatsala ndi za maziko okwera ndi khonde lozungulira, madzi sanadye khoma kunsi. Agogo ankamanga nsanja, ife tinkaseka. Ilipo podcast yokamba zomanga pa malo a madzi?

Esnala (Blantyre, kwathu Muona): Mu 99% Invisible lembani mawu akuti flood pofufuza, nkhani za madzi ndi mizinda zimabwerabwera. The Urbanist ya magazini ya Monocle nayo imakamba za mizinda, koma ndikuuzeni zoona, iyo ndi ya anthu odandaula za njira za njinga ku Copenhagen, inu mukuoloka pa Mtayamoyo pa bwato. Zimene mwanena za maziko ndi khondezo n'zimene zili m'malangizo a kamangidwe kotetezeka, ndipo mwazionera pa madzi enieni.

Mainala (admin): Bwanji wina apite ku wailesi ya Nyanthepa akapemphe mphindi 15 pa sabata, a Tomasi akafotokoze za mjigo, Mai a Tadala za matumba? M'Chisena ndi m'Chimang'anja momwe.

Tomasi (Dyeratu): Ine pa wailesi ayi, ndimachita chibwibwi ndikaona maikolofoni.

Lufeyo (Joni): Mwangolemba ndime zitatu popanda chibwibwi ankolo.

Fatsani (Nchalo): Akuluakulu, ndakhala chete chifukwa ndimakonzanso posita ya bonanza ya Loweruka. Ndachotsa mitundu, yatsala itatu. Ndachotsa zithunzi za mipira zinayi ndi moto uja ndinaika m'munsi. Nayi, ndiuzeni zoona.

Mai a Tadala (Ngabu): Yayera bwino mwana wanga. Tsiku ndi malo zikuoneka msanga.

Esnala (Blantyre, kwathu Muona): Yasintha kwambiri. Mafonti akadali anayi, yesani awiri. Ndipo mzere wa mphoto usunthire kumanzere ufanane ndi mizere inayo, panopa ukuyandama.

Zuze (Bangula): Ndaikuza pa foni ya mdzukulu. Mitundu wachita bwino, sindikana. Koma taona mawu akuti BONANZA. Pakati pa B ndi O pathina, pakati pa Z ndi A pali mpata woti mbuzi n'kudutsa. Makina amapereka mpata wofanana kwa chilembo chilichonse, koma diso siliwerenga choncho. Chilembo chozungulira ngati O chimafuna kuyandikira, choongoka ngati N chimafuna mpweya, A ali ndi mapewa otsetsereka ndiye amabweretsa mpata wakewake. Ife timati uyerekeze kuti ukuthira mchenga pakati pa zilembo, mchengawo uzikhala wofanana paliponse. Chachiwiri, wofiira pa wobiriwira usadzayerekezenso, pa dzuwa la pa Nchalo munthu aona phala. Chachitatu, ukamaliza isindikize, uipachike pa mtengo, ubwerere m'mbuyo mapazi 20, utsinzine pang'ono. Chimene chasowa pamenepo ndiye kuti kulibe.

Fatsani (Nchalo): Madala, za mchengazi ndi zimene ndimati sindikuzidziwa dzina zija. Ndaona tsopano, Z ndi A akuchita ngati anayambana.

Lufeyo (Joni): Dzina lake ndi kerning aise, mu PixelLab ulekanitse zilembozo uzisunthe pamanja.

Zuze (Bangula): Dzina lake ndi mchenga. Fatsani, Lachitatu ndili ndi khoma la chigayo pa Sorgin, mawu 11, zilembo zotalika mkono. Ukwere minibasi ya m'mawa, utsike pa msika, undipeza ndayamba kale kujambula mizere ndi choko. Ubwere ndi chipewa ndi madzi ako akumwa. Za m'makutuzo uzimvera m'minibasi, pa khoma ndikufuna makutu onse awiri.

Fatsani (Nchalo): Ndifika madala. Ndibwere ndi bulashi?

Zuze (Bangula): Bulashi ugwira ulendo wachitatu. Lachitatu ugwira makwerero.